Khungu ndi Zodzola: Zothandiza ndi Ziti, Zowononga ndi Ziti?

Kwa Kasakula, monga m'madera ena a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, khungu silipuma. Mu Juni ndi Julaye chisanu ndi mphepo ya mwera zimaliumitsa, miyendo n'kutuwa kuti mbuu, milomo n'kung'ambika. Chisanu chikatha, dzuwa la Okutobala ndi fumbi zimalowa m'malo. Pamwamba pa izo pali ntchito zathu: kusosa, kukumba mtedza, kuthyola ndi kusoka fodya, kuchapa, kuphika mu utsi wa nkhuni. Olangiza nawo sasowa. Agogo ali ndi zawo, mnzanu wa pamjigo ali ndi zake, wamalonda pa tsiku la msika akulonjeza nkhope yosalala sabata isanathe, foni nayo yadzaza ndi nzeru za pa WhatsApp ndi TikTok. Malangizo ena ndi abwino ndithu, ena amangodya ndalama, koma alipo amene amasiya zipsera zosachoka. Tiyeni tiwaone limodzi.

Ndimadzola mafuta m'mawa uliwonse, koma pofika masana ndimakhala nditatuwa kale. Kodi vuto ndi lakuti mafuta anga ndi otchipa?

Ayi, mayi, mtengo si ndiwo mlandu. Vaselini wamba ali m'gulu la mafuta abwino koposa pa khungu louma, ndipo madokotala a khungu m'mayiko olemera amalangiza yemweyo. Chofunika kudziwa ndi momwe amagwirira ntchito. Vaselini salowetsa madzi m'khungu, amangotsekera madzi amene alimo kale, ngati chivindikiro pa mphika. Mukasamba n'kudzipukuta mpaka gwaa, n'kuyamba kaye mwasesa ndi kuphika phala, pofika nthawi yodzola madzi aja amakhala atauluka, ndipo mafutawo alibe choti atsekere. Dzolani mutangotuluka m'bafa, thupi lidakali ndi kachinyezi.

Gilisalini amagwira ntchito ina: amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Akhale woyamba, wothiridwa timadzi pang'ono m'chikhatho, vaselini abwere pamwamba. Mafuta a nsatsi amene makolo athu ankayenga nawonso amatsekera chinyezi bwino lomwe, ndipo palibe chochititsa manyazi kuwadzola lero.

Chachiwiri ndi sopo. M'makomo ambiri sopo wochapira ndi yemweyo wosambira, pakuti ndalama n'zochepa. Sopo ameneyu anapangidwa kuti achotse mafuta pa nsalu, ndipo amachotsanso mafuta achibadwa a pakhungu. Ngati wosambira palibe, sopoyo apite m'khwapa, m'mphechepeche, m'manja ndi kumapazi. Miyendo ndi mikono siyenera kupakidwa thovu tsiku ndi tsiku m'nyengo yachisanu. Madzi otentha kwambiri nawo amaumitsa thupi, ofunda akwanira.

Nanga mang'a? Ndimakwecha mapazi pamwala mpaka kutuluka magazi, koma amabwereranso.

Mwala umathandiza, koma kukwecha kofika potulutsa magazi kumachititsa chidendene kulimba koposa kale, chifukwa khungu likavulazidwa limadziteteza pokhuthala. Viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10, kwechani mopepuka, pakani vaselini wambiri, valani masokosi n'kugona nawo. Chitani zimenezi usiku uliwonse kwa masabata awiri ndipo mudzaona kusintha. Mang'a amabwerera ngati masana onse chidendene chili pafumbi, choncho nsapato yotseka kumbuyo imaposa patapata. Odwala matenda a shuga asamakweche n'komwe, ndipo kabala kalikonse ka kuphazi akakaonetse kuchipatala msanga.

Anzanga amati mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimachotsa ziphuphu ndi timadontho takuda. Zoona?

Zitatu zonsezi zisiyeni kukhitchini ndi kubafa. Khungu lathu lili ndi kuwawasa pang'ono kwachibadwa kumene kumaliteteza ku tizilombo. Pa muyeso umene akatswiri amautcha pH, khungu limakhala cha pa 5. Madzi a mandimu ali cha pa 2, kutanthauza kuti ndi owawasa kuposa khungu kwambirimbiri, pamene soda ali mbali inayo, cha pa 8 kapena 9. Zonse ziwiri zimaphwanya chitetezo chija. Mandimu ali ndi vuto linanso: madzi ake ndi mafuta a m'khoko lake akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa, amatha kuwotcha mpaka matuza, ndipo pamalopo pamatsala chidontho chakuda cha miyezi. Munthu amene wapaka mandimu m'mawa n'kupita kudimba wadziitanira chinthu chomwe ankachithawa.

Mankhwala otsukira mano amaumitsa chiphuphu, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. Koma amapsereza ndi khungu lozungulira. Apa pali mfundo imene aliyense wa khungu lakuda ayenera kuigwiritsa: khungu lathu likapsa, likakandidwa kapena likafinyidwa, limayankha popanga mtundu wochuluka pamalopo. Chiphuphu chikadapola chokha m'sabata imodzi, koma chidontho chobwera chifukwa chochizunza chimatha miyezi 6 kapena kuposa. Amene amanena kuti "kuwawako ndiye kuti akugwira ntchito" akukusocheretsani. Chodzola chikamaluma, tsukani nthawi yomweyo.

Mwana wanga wamkazi wasiya kudya mtedza ndi ndiwo zotendera, akuti zikumutulutsa ziphuphu. Ndimuuze chiyani?

Muuzeni adye. Palibe umboni wogwirika wakuti mtedza umayambitsa ziphuphu. Ziphuphu za achinyamata zimabwera chifukwa cha kusintha kwa m'thupi pa msinkhu wakutha: khungu limatulutsa mafuta ambiri, timabowo timatsekeka, tizilombo timaswanamo. Pa zakudya, zimene kafukufuku amazikayikira pang'ono ndi za shuga wambiri monga zakumwa za m'mabotolo ndi masiwiti, komanso mkaka kwa anthu ena.

Funso ili ndalitenga mozama chifukwa mtedza ndi chimodzi mwa zakudya zoteteza khungu m'dera lathu lino. Mu 2015 ndi 2016, zaka zimene zokolola zinavuta, anthu mazanamazana a m'dera la Kasese m'boma la Dowa anapezeka ndi matenda otchedwa pellagra. Matendawa amagwira munthu amene akudalira chimanga chokhachokha, chifukwa thupi limavutika kutenga vitamini wotchedwa niacin m'chimanga. Khungu limada, kukhakhala ndi kusupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa: kuseri kwa manja, m'mikono, kumapazi ndi kuzungulira khosi. Kenako kumabwera kutsekula m'mimba ndi kusokonekera maganizo, ndipo osathandizidwa munthu amatha kufa. Mtedza uli ndi niacin wochuluka, ndipo nyemba, soya, usipa, mazira ndi nyama zimathandizanso. Alimi a ku Ntchisi timalima mtedza ndi soya, koma nthawi zambiri timagulitsa zonse kwa mavenda osasiyako thumba la pakhomo. Mtsikana amene akukana nsinjiro pofuna nkhope yosalala akutaya chimene khungu lake likufuna. Ndipo mukaona wachibale ali ndi zizindikiro ndatchulazi, musamugulire mafuta odzola. Mankhwala ake ndi mapiritsi a vitamini a kuchipatala ndi chakudya chakasinthasintha.

Ndiye chimene chimathandizadi pa ziphuphu n'chiyani?

Kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, ndi manja okha, osati chinkhupule. Kusafinya. Kusapaka mafuta olemera pankhope ngati nkhopeyo ili kale ndi mafuta, komanso kusamala kuti mafuta a m'tsitsi asatsikire pachipumi. Ku famase kuli mankhwala otchedwa benzoyl peroxide amene amapha tizilombo ta ziphuphu. Yambani ndi ofooka, pang'onopang'ono, usiku, ndipo dziwani kuti amasukulutsa nsalu. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, zosiya maenje, zimafuna dokotala chifukwa pamafunika mankhwala akumwa.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe lakale ndi latsopano, choncho mankhwala enieni amaonetsa zotsatira pakatha masabata 6 mpaka 8. Ambiri amasiya pa sabata yachiwiri n'kuthamangira kachubu ka pamsika kamene kamasalaza nkhope m'masiku atatu.

Kachubu kameneko ine ndikudzola, ndipo nkhope yayera bwino. Cholakwika n'chiyani ngati akugwira ntchito?

Achemwali, funso lanu ndi loona mtima, ndipo yankho lake likhale loona mtima: mafuta oyeretsa khungu amayeretsadi. Vuto ndi zimene zili m'katimo ndi zimene zimatsatira. Nthawi zambiri mumakhala chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zosakaniza.

Choyamba ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, olembedwa ndi dokotala pa matenda ena a khungu, odzola masiku owerengeka pamalo ochepa. Amazimitsa kutupa mwachangu, n'chifukwa chake ziphuphu zimaoneka ngati zatha. Munthu akawadzola miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, m'mikono ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yosafufutika, ziphuphu zimabwerera zochuluka, zipere zimafalikira thupi lonse, bala limachedwa kupola. Amalowanso m'magazi, ndipo amatha kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chachiwiri ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga mtundu wake. Akuluakulu amakumbukira dzina la Ambi, lomwe mpaka lero ena amatchulira mafuta alionse oyeretsa. Mu 1975 madokotala a ku South Africa analemba za amayi ambiri amene, atadzola mafuta a hydroquinone zaka zingapo, masaya ndi chipumi zinada bii kuposa kale, khungu n'kukhala la timiyalamiyala. Vutoli limatchedwa ochronosis, ndipo kulichotsa n'kovuta kwambiri ngakhale kwa akatswiri. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Dziko la Rwanda linayamba kulanda mafuta oterewa m'masitolo ndi m'misika chakumapeto kwa 2018.

Chachitatu ndi mercury, chiphe chimene chimawononga impso ndi ubongo. Chimadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, chimapezekanso mu mkaka wa m'mawere, ndipo a m'nyumba amatha kuchitengera pa thaulo ndi zofunda. Mayiko anagwirizana zothana nacho m'pangano la mu 2013 lotchedwa Minamata, dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri analumala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi mercury. Wopanga mafuta okhala ndi chiphe chimenechi kawirikawiri salemba pabotolo.

Zoopsa koposa ndi zosakaniza za m'timabotolo topanda dzina, zimene wogulitsa amasakaniza yekha kunyumba. Iyenso sadziwa mlingo wa zimene wathiramo.

Sindikudzudzula mayi aliyense amene anayamba kudzola. Anayamba chifukwa anamva kuyambira ali mwana kuti woyera ndiye wokongola, anamva amuna akuyamikira oyera pa ukwati ndi pa bawo, anaona zithunzi za pa foni. Mlandu ndi wa tonse amene timalankhula motero ana akumva. Abambo amene mumagulira akazi anu mafutawa pobwera ku Mponela kapena ku Lilongwe mutagulitsa fodya, dziwani chimene mwanyamula m'thumbamo. Mtundu wakuda umene mukufuna kuchotsawo ndi umene umateteza khungu ku dzuwa la kumunda.

Ndadzola kwa zaka ziwiri. Ndikasiya nkhope imayabwa, imatuluka zidzolo n'kuda kwambiri. Nditani?

Zimenezo zimachitikira anthu ambiri amene adzola steroid nthawi yaitali, ndipo n'zimene zimabwezera anthu kwa wogulitsa. Si chizindikiro chakuti khungu lanu silingakhale popanda mafutawo. Tengani machubu ndi mabotolo onse mupite nawo kuchipatala, mukanene zoona: mwadzola nthawi yaitali bwanji, komanso mbali ziti za thupi. Ngati mumadzola thupi lonse, kusiya mwadzidzidzi kungakudwalitseni, choncho a chipatala ndiwo akuuzeni kachepetsedwe kake. Pemphani akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Vuto likakula, chipatala cha boma ku Ntchisi kapena ku Dowa chingakutumizeni kwa oona za khungu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Miyezi yoyamba imakhala yowawitsa mtima. Nkhope imada kuposa mmene inalili musanayambe, ndipo anthu amalankhula. Pa nthawiyi dzolani vaselini kapena mafuta opanda fungo, valani chipewa, pewani dzuwa la masana. Kwa ambiri mtundu umakhazikika pang'onopang'ono. Amene muli oyembekezera kapena oyamwitsa, pitani kuchipatala, musadikire mawa.

Alovera, uchi ndi mapeyala: izi ndiye zachilengedwe, sizingapweteke?

Izi n'zofatsa, ndipo zili ndi ntchito yake, ngakhale yocheperapo kuposa imene amazitamandira. Madzi oyera a m'kati mwa tsamba la alovera amaziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa. Utomoni wachikasu wa pansi pa khoko umayabwa, muziutsuka. Uchi umafewetsa khungu ndipo umalepheretsa tizilombo tina kuswana. Peyala limafewetsa kwa tsiku limenelo, koma phindu lake lalikulu lili polidya. Palibe mwa izi chimene chimachotsa zipsera kapena kusintha mtundu wa munthu. Kumbukiraninso kuti chachilengedwe si nthawi zonse chimakhala chofatsa: chitedze nacho n'chachilengedwe, ndipo adyo wosinja womangirira pakhungu amawotcha mpaka chilonda. Chilichonse chatsopano yesani kaye pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa mkono, mudikire masiku awiri.

Kodi munthu wakuda amafunika mafuta oteteza ku dzuwa?

Khungu lakuda lili ndi chitetezo chachibadwa, ndipo khansa yobwera ndi dzuwa siichuluka pakati pathu ngati kwa azungu. Komabe dzuwa ndi limene limakulitsa madontho akuda, makamaka aja amatuluka m'masaya mwa amayi oyembekezera ndi ena olera ndi mapiritsi. Amene angakwanitse agule mafuta olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Amene sangakwanitse, chipewa cha mlaza cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali zimagwira ntchito yaikulu, ndipo sizitha m'botolo. Kulawirira kumunda n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, monga achitira alimi ambiri, ndi chitetezo kale.

Kwa abale athu achialubino nkhaniyi si ya kukongola, ndi ya moyo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi, ndipo khansa ya pakhungu imapha ambiri a iwo adakali achinyamata. Amafunika mafuta a SPF 50 tsiku lililonse ngakhale kuli mitambo, obwereza pakapita maola angapo, pamodzi ndi chipewa, zovala zofunda mikono ndi miyendo, ndi mthunzi. Makolo afunse za mafutawa ku chipatala cha boma komanso ku bungwe la anthu achialubino la APAM. Aphunzitsi amulole mwana wachialubino kuvala chipewa ndi malaya aatali ngakhale yunifolomu ikunena zina. Kachilonda kosapola pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena pankhope kaonetsedwe kuchipatala mwezi usanathe, chifukwa kakapezeka msanga kamachotsedwa. Kwa tonsefe, kadontho kakuda kotuluka pansi pa phazi kapena m'chikhadabo n'kumakula nakonso n'koyenera kukaonetsa.

Mwana ali ndi zipere m'mutu, ine ndili ndi zikanga pamsana. Ena akuti tipake mafuta a mabuleki a galimoto.

Musayerekeze. Mafuta a mabuleki, madzi a m'batire ndi palafini zimawotcha khungu, ndipo mwana angatsale ndi chipsera pomwe tsitsi silidzameranso. Apa tachoka pa nkhani ya zodzola, talowa pa matenda, ndipo ambiri amataya ndalama pogula mafuta okongoletsa pa vuto lofuna mankhwala.

Zipere za m'mutu zimakhala m'mizu ya tsitsi momwe mankhwala opaka safika. Zimafuna mapiritsi, monga griseofulvin, akumwa masabata 6 kapena kuposa. Zimafala kudzera pa lezala, chipeso, chipewa ndi makina ometera osatsukidwa, choncho yang'anani ngati wometa akupukuta makina ake ndi spiriti asanamete mwana wanu. Zikanga zimamva mankhwala opaka monga clotrimazole, koma mtundu umabwerera pakapita miyezi ngakhale matendawo atatha, ndiye musafulumire kunena kuti mankhwala alephera. Kuyabwa kokula usiku, kokhala ndi tizilonda m'mipata ya zala, m'chiuno ndi kumaliseche, kawirikawiri ndi mphere. Mankhwala ake, monga benzyl benzoate, apakidwe ndi onse a m'nyumba tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa. Mukathandiza mmodzi yekha, mphere imazungulira n'kubwerera.

Chinthu chimodzi musachiiwale. Banga loyererako limene silikuyabwa, ndipo mukalikhudza ndi kathonje kapena nthenga simukumva kanthu, lingakhale khate. Khate lidakalipo m'Malawi. Limachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, ndipo wopezeka msanga salumala. Kupaka kachubu ka steroid pa zipere kapena pa banga lotere kumangobisa matenda uku akukula.

Pomaliza, ndikaima pa benchi ya zodzola pamsika, ndidziwa bwanji choyenera kugula?

Tembenuzani botolo muwerenge, kapena wina akuwerengereni. Chopanda dzina la wopanga, chopanda mndandanda wa zimene zilimo, chopanda tsiku lothera ntchito, chisiyeni. Mukaona mawu akuti clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, bwezani pa benchi. Chithunzi cha munthu wakuda mbali ino ndi woyera mbali inayo, kapena lonjezo la kusintha m'masiku 7, zikuuzeni zokwanira. Mankhwala a steroid malo ake ndi ku famase yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndi chikalata cha dokotala, osati pa mphasa pakati pa sopo ndi ndolo.

Zimene khungu la munthu wa kwa Kasakula limafuna tsiku ndi tsiku n'zochepa: sopo wofatsa, vaselini kapena gilisalini wodzola thupi lisanaume, chipewa, nsapato, ndi mbale yokhala ndi nyemba, mtedza ndi masamba. Vuto la pakhungu likatha masabata awiri osasintha, kapena likamakula, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pitani kuchipatala musanagule china chilichonse. Ndipo inu amayi, azakhali ndi anamkungwi amene mumalangiza atsikana, auzeni adakali aang'ono kuti khungu limene anabadwa nalo silifuna kuyeretsedwa.